Agogo a ku Chibavi aumbanso mphika wa makolo

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti chisanu cha Mzuzu ukuchidziwa, mawawa tsiku lonse.

Ukuwakumbukira agogo a ku Chibavi aja ankatigulitsa mitsuko? Mdzukulu wawo, amene akuphunzira mbiri yakale, anawabweretsera zithunzi za mapale ofukulidwa pansi, n'kuwapempha kuti aumbe mphika wonga umenewo. Mapalewo ndi a mtundu wa Nkope, dzina lochokera ku Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, kumene Keith Robinson anakumba m'zaka za m'ma 1960. Eni ake anali m'gulu la anthu oyamba kulima ndi kusula zitsulo m'dziko muno, zaka zoposa 1,500 zapitazo. Kumpoto kuno mapale a nthawi imeneyo amawatcha Mwabulambo, ndipo anapezeka cha ku Karonga.

Ndikanakonda ukanaona manja awo. Dongo analiponda, nachotsamo timiyala kamodzikamodzi, kenako anasakanizamo mapale osinja kuti mphika usadzaphulike pamoto. Makina ayi. Anangokhala pansi, dongo pa phale lotambalala, dzanja limodzi m'kati lina kunja, akukweza khoma pang'onopang'ono. Pamene panawavuta ndi pamlomo. Miphika ya Nkope ili ndi mlomo wochindikala, wopendekera kunja, wokhala ndi mizere ndi timadontho todindidwa ngati ndi mano a chipeso. Agogo anaphwanya n'kuyambiranso mpaka mtima wawo unakhazikika, nati amene anaumba zimenezi sanali wophunzira kumene. Mawu amenewo anandikhudza kwambiri, chifukwa anali mmisiri akuzindikira mmisiri mnzake.

Mdzukulu uja anawaletsa kusalaza ndi chitsononkho monga amachitira masiku onse, poti nthawi imeneyo chimanga chinali chisanafike kuno. Chinadzabwera pambuyo pa zaka za m'ma 1500. Anagwiritsa ntchito kamtengo ndi mwala wosalala basi.

Kuuma kunatenga nthawi chifukwa cha chinyezichi. Kuwotcha kunali pabwalo: nkhuni zowuma pansi, makungwa pamwamba, moto lawilawi. Mphika unatuluka wofiirira, uli ndi mawanga akuda pamene utsi unaugwira, ndipo ataugogoda ndi chala unalira kuti ngwee, kusonyeza kuti wapsa bwino.

Chikundiwawa n'chakuti pakhomopo palibe mtsikana amene akuphunzira. Onse amatungira m'zigubu ndi kuphikira m'mapoto, ndipo sindikuwada, n'zopepuka. Koma phale lokhala m'galasi ku myuziyamu silingakuuze mmene chala chimapindira mlomo wa mphika. Ine ndayamba kupita Loweruka lililonse kukaponda dongo ndi kuphunzira.

Agogo akuumba ina, ndipo kunsi kwa uliwonse akuika chizindikiro chawo kuti wina asadzanamize anthu kuti ndi wofukulidwa. Ndikusungira umodzi waung'ono. Pa basi sindingautumize, ungasweke, ndiye udzautenge wekha ukadzabwera pa Khirisimasi. Undiuze ngati ukufuna wophikira ndiwo kapena wosungira madzi.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Katoto.