Za ovomera mlandu woti sanapalamule

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chakusiya. Kuno tonse tili bwino, ana akuti moni.

Pali mawu amodzi m'kalatamo omwe akhala akundizunguza mutu. Unati munthu wosalakwa sangavomere mlandu kupolisi, zivute zitani. Inenso kale ndinkatero. Pano sinditeronso, ndiye dekha ndikuuze chomwe chinanditembenuza.

Ku Japan kuli bambo wina dzina lake Iwao Hakamada, yemwe paunyamata wake ankachita masewera a nkhonya. Mu 1966 anamumanga pomuganizira kuti wapha abwana ake, akazi awo ndi ana awo awiri. Apolisi anamupanikiza ndi mafunso masiku pafupifupi 20, tsiku lililonse maola ngati 12, mpaka anavomera. Atafika kukhoti anakana, nkunena kuti anachita kumukakamiza, koma pepala linali litasainidwa kale. Mu 1968 anamugamula kuti anyongedwe. Anatuluka m'ndende mu 2014, mutu utasokonekera chifukwa chodikira chingwe zaka zonsezo, ndipo khoti linamupeza wosalakwa mu 2024 ali ndi zaka 88. Amati mlandu suwola, komatu munthu woudikirayo amatha. Taganiza, munthu wozolowera kulandira zibakera, koma masiku 20 anamugonjetsa. Nanga iwe ndi ine?

Mwina uyankha kuti pamenepo panali nkhanza, ndipo popanda ndodo sizingachitike. Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa nthawi zambiri ndodo siifunika nkomwe. Amakutsekera m'kachipinda, tulo wosagona, njala ili m'mimba. Ukati sindine, amakudula pakamwa. Kenako akuuza kuti mnzako wakutchula kale, kapena kuti apeza zidindo za zala zako, chonsecho ndi bodza. Ku America khoti lalikulu linalola mu 1969 kuti apolisi akhoza kunamiza munthu pomufunsa, ndipo boma la Illinois linadzaletsa kunamiza ana osafika zaka 18 mu 2021. Akakutopetsa choncho, pamabwera wapolisi wina wa mawu ozizira, nkuti iye akumvetsa kuti sunachite dala, ungonena kuti unalipo basi, zinthu zipepuke. Pa ola limenelo munthu saganiza za zaka 20 za ndende. Amangoganiza za chitseko.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi chakuti kusalakwa komweko kumamuika munthu m'mavuto. Chigawenga chozolowera chimakhala chete nkuitanitsa loya. Wosalakwa amati ndilibe chobisa, loya ngwachiyani, nkuyamba kulankhula. Zikamuthina amadzitonthoza kuti ndingosaina lero ndikagone, zoona zidzadziwika pofufuza. Sadziwa kuti akangosaina, kufufuzako kwathera pomwepo.

Ndi mmene zinakhalira ndi anyamata asanu a ku New York, a zaka 14 mpaka 16, omwe anawamanga mu 1989 pa mlandu wogwirira ndi kuvulaza mayi wina yemwe ankathamanga m'paki ya mumzindawo yotchedwa Central Park. Atawafunsa maola ambirimbiri, anayi anawajambula pa vidiyo akuvomera, aliyense akukankhira anzake gawo lalikulu la mlanduwo, poganiza kuti akatero amulola kupita kwawo. Nkhani zawo zinkasemphana, ndipo DNA (chizindikiro cha m'thupi chomwe munthu aliyense ali ndi chakechake) yomwe inapezeka sinali ya aliyense wa iwo. Koma onse asanu anapezeka olakwa mu 1990. Mu 2002 mkaidi wina, Matias Reyes, anaulula kuti anachita yekha, DNA nkugwirizana ndi yake. Mzinda wa New York unawalipira madola 41 miliyoni mu 2014. Kaya ubwana umagulidwa ndi ndalama zingati.

Ukhoza kufunsa kuti nanga munthu woti kunalibeko amadziwa bwanji mtundu wa malaya a womwalirayo, kapena pomwe panagwera mpeni? Amazimva kwa omufunsawo. Wapolisi amuonetsa chithunzi, kapena afunsa kuti unamumenya ndi mwala eti, nthawi zina osazindikira nkomwe kuti akumudyetsa mayankho. Pofika mawa munthu uja akufotokoza bwinobwino, kamera nkuyatsidwa pamenepo. Kukhoti anthu amangoona mphindi zomalizazo, nkumati zimenezi angazidziwe ndi wolakwa yekha. Ndipo mawu ovomerawo amaipitsa umboni wina wonse. Mboni yomwe imati inali naye kwina tsikulo imayamba kudzikayikira, loya wake naye nkuyamba kumunyengerera kuti angovomera kukhoti kuti chilango chichepe.

Sindikuti apolisi onse ndi oipa ayi. Ambiri ochita zimenezi amakhulupirira ndi mtima wonse kuti agwira munthu weniweni, ndipo ndi chimene chimandiopsa. Ku England lamulo la 1984 linabweretsa zoti mafunso a kupolisi azijambulidwa mawu, koma amuna asanu ndi mmodzi omwe anawamanga pa mlandu wophulitsa mabomba mumzinda wa Birmingham, omwe anayi a iwo anasaina mapepala ovomera mu 1974, anadzatuluka mu 1991 khoti litafafaniza chigamulo chawo, patatha zaka 16. Ine maganizo anga ndi akuti kamera iziyatsidwa munthu akangolowa m'chipindacho mpaka kutuluka, ndipo mwana asamafunsidwe popanda loya pambali pake.

Ndikudziwa kuti sugonja msanga pa mtsutso, ndiye ndikudikira yankho lako. Koma usandiuze zomwe unganene pa ola loyamba, izo ndikuzidziwa. Undiuze za tsiku lachitatu usanagone, atakuuza kuti m'bale wako wakutchula.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale.