Kalata kwa bwenzi langa ku Johannesburg

Okondedwa achimwene,

Mawu anu akuti munaleka kupita kutchalitchi chifukwa kumeneko sapemphera monga timachitira kwathu andikhudza kwambiri. Ndiloleni ndikufotokozereni zimene ndaona m'miyezi itatu yapitayi, pamene ntchito yogula mpunga yakhala ikundiyendetsa pakati pa Salima, Nkhotakota ndi Mtakataka.

Mukudziwa kuti tonsefe tinakulira mu CCAP ya Sinodi ya Nkhoma, imene inayambira ku Mvera mu 1889, ndipo tinazolowera kukhala phee, amayi a Chigwirizano atavala zoyera zawo, tonse makutu ali ku ulaliki. Lamulungu lina linandipeza ku Nkhotakota, choncho ndinalowa m'tchalitchi cha Anglican cha All Saints, kumene kuli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Kugwada, kuimirira ndi mapemphero oyankhizana zinandisokoneza, moti ndinangoti kakasi. Agogo ena amene ndinakhala nawo pafupi ataona kuti ndikusowa potsegula, anandisendezera buku lawo lopemphera, lothetheka m'mphepete chifukwa cha kukalamba, nayamba kundilozera mzere uliwonse ndi chala mpaka mapemphero anatha. Sanandifunse za mpingo wanga. Potuluka anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Mubwerenso, mwanawe."

Ku Mua, mishoni ya Akatolika imene inatsegulidwa mu 1902, Misa inali ya ng'oma, zisekese ndi nthungululu, atsikana akuvina patsogolo pa Buku Loyera. Ukalisitiya sindinalandire polemekeza malamulo awo, koma nyimbo ndinaimba nawo ndi mtima wonse.

Kumene kunandivuta ndi kwa a Pentekoste, amene amasonkhana m'kalasi ya sukulu ina kuno ku Salima. Aliyense amapemphera mokweza pa nthawi imodzi, ndipo phokoso la zokuzira mawu linandilemera. Komabe mayi wina ataimirira, mwana ali kumsana, kuchitira umboni mmene mwanayo anachirira malungo atatsala madzi amodzi, misozi inalengeza m'maso mwanga.

Ndikukupemphani, achimwene, kuti Lamulungu likudzali mukalowe m'tchalitchi chimene chili pafupi nanu, ngakhale azipemphera m'Chizulu kapena m'Chisutu. Mukakhale kumbuyo, mukamvetsere, kenako mudzandilembere zimene mwakaona. Amayi anu ndinawaona ku msonkhano wa Chigwirizano sabata yatha, ali bwino ndipo akupereka moni.

Ndine bwenzi lanu,
wa ku Salima