Tithandizeni: mpikisano wa ndakatulo wokumbukira zaka 100 za nkhalango ya Mchinji

Kwa mafumu athu, makolo, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, amalonda a pa boma, ndi inu ana a kuno amene muli ku Lilongwe, ku Chipata ngakhale ku Johannesburg.

Ife a komiti ya sukulu ya pulayimale ya kuno kumunsi kwa mapiri, mogwirizana ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, tabwera ndi pempho. Nkhalango ya Mchinji idayamba kutetezedwa ndi boma mu 1924, boma lathuli likutchedwa Fort Manning, ndiye kuti mu 2024 idakwanitsa zaka 100. Mtsinje wa Bua, umene umakathira m'nyanja ku Nkhotakota, umayambira m'mapiri omwewa. Takonza zoti ana ndi akulu apikisane kulemba ndi kulakatula ndakatulo za nkhalangoyi.

Magulu alipo atatu: Sitandade 5 ndi 6, Sitandade 7 ndi 8, komanso akuluakulu a m'midzi. Ndakatulo isachepere mizere 12 ndipo isapitirire mizere 30. Amene kwawo amayankhula Chinsenga alembe m'Chinsenga momwemo. Lamulo lalikulu ndi limodzi: wolemba atchule dzina lenileni la mtengo, mbalame, bowa kapena khwawa, ndipo anene chimene adaona ndi maso ake.

Lamulo limeneli ndilo latichititsa kupempha thandizo. Mwana ukamuuza kuti alembe za chilengedwe ali chikhalire m'kalasi, amalemba zimene adamva pa wailesi. Mapepala 60 amatuluka ndi mawu ofanana, akuti mitengo ndi moyo, tisadule mitengo mwachisawawa. Mawuwo ngoona, koma mulibe nkhalango yathu m'menemo. Ana ambiri amadya masuku chaka ndi chaka osadziwa kuti mtengo wa msuku umakonda dothi lamiyala la m'mbali mwa phiri. Sadziwa kusiyanitsa mombo ndi mchenga. Sadaonepo mlombwa utatemedwa n'kumatuluka utomoni wofiira. Choncho ulendo wa kunkhalango uyambe, ndakatulo zibwere pambuyo.

Ulendowu tauika kumapeto kwa Seputembala. Nthawi imeneyi mitengo ya mombo imakhala itavala masamba atsopano ofiirira mvula isanagwe, ndipo malo amene moto wolusa wadutsa amaoneka bwino, mwana n'kudzionera yekha mphukira zopserera pa zitsa. Ana 90 adzagawidwa m'magulu 6 a ana 15, gulu lililonse ndi mphunzitsi mmodzi, mayi mmodzi wa gulu la amayi a pasukulu, ndi agogo odziwa tchire. Kunyamuka ndi 6 koloko m'mawa, kubwerako isanakwane 11 koloko, chifukwa dzuwa la nyengo imeneyi likafika pamutu ana amafooka ndipo samvanso zimene akuuzidwa. Machesi, legeni, nkhwangwa ndi agalu zitsale kunyumba. Iyi ndi nkhalango ya boma, sitilowamo popanda chilolezo cha a zankhalango, ndipo tikufuna mlangizi wawo adzatiperekeze.

Pempho lathu loyamba silifuna ndalama. Agogo athu, azisinga, alimi a njuchi, amayi amene mumazula bowa dzinja lililonse, tikufuna anthu 6 kapena kuposerapo oti adzayende ndi ana. Mudzawaonetse muwanga ndi kuwauza chifukwa chake nsichi zake sizidyedwa msanga ndi chiswe. Mudzawaonetse thombozi, muula, nthudza, mpoza, chitimbe ndi naphini. Mudzafotokoze momwe luzi limasendedwera, ndi chifukwa chake kusenda khungwa kuzungulira thunthu lonse pofuna mng'oma wa njuchi kumaumitsa mtengo. Bowa sudzakhalapo pa nthawiyo, komabe mudzaloze pamene utale, ndelema ndi manyame zimamera, kuti ana adziwe kuti bowa wina, monga manyame, umamera pokhapokha pamene mitengo yachilengedwe idakalipo, osati m'munda wa bulugamu. Maina amenewa sapezeka onse m'mabuku a kusukulu. Tili ndi nkhawa yeniyeni kuti akapita eni ake, maina apita nawo.

Zinthu zogwirika zimene tikusowa ndi izi. Makope 90 ndi mapensulo 90 ogwiritsa ntchito paulendo. Pensulo ndiye yabwino kutchire, bolopeni imatayikira m'thumba kukatentha. Marimu 2 a mapepala olembapo ndakatulo yomaliza. Zigubu 6 za malita 20 za madzi akumwa, chimodzi pa gulu, ndi njinga kapena ngolo yozifikitsa m'malire a nkhalango. Lole imodzi yonyamula agogo ndi ana olumala, kuti nawonso asatsale. Kabokosi ka mankhwala a zilonda ndi mabandeji. Ana ambiri amabwera kusukulu ndi masilipasi kapena opanda kanthu kuphazi, pomwe m'tchire lopsa muli ziputu zakuthwa ndi zinkhanira, choncho nsapato zotseka zimene ana anu adazisiya zibweretseni.

Kwa akuluakulu amene salemba, tidzajambula mawu awo pa foni. Tikufuna mafoni 2 obwereka, kamemori kadi, ndi wachinyamata woleza mtima woti adzalembe mawuwo momwe adanenedwera, osawakonza. Wokopera akayamba kusintha mawu a agogo kuti amveke ngati a m'buku, ndakatuloyo imasanduka yake.

Oweruza tikufuna atatu ochokera kunja kwa midzi yathu: mphunzitsi wa Chichewa wa kusekondale, mlakatuli wozolowera, ndi munthu wodziwa mitengo, mmodzi mwa iwo akhale womva Chinsenga. Mipikisano yotere imasokonekera pawiri. Pena kholo kapena mphunzitsi amalembera mwana. Pena woweruza amaona dzina la mwana wa a mfumu kapena wa mnansi, mtima n'kupendekeka. Pothana ndi vuto loyambalo, ana adzalemba ndakatulo yomaliza m'kalasi, ola limodzi ndi theka, atatsegula kope lawo la paulendo lokha. Pothana ndi lachiwiri, pa pepala padzalembedwa nambala yokha, maina adzatsekeredwa mu envulopu kwa msungichuma mpaka zotsatira zitatuluka. Malikisi ndi 20: asanu ndi atatu pa zimene wolemba adaona yekha, asanu ndi awiri pa kaluso ka mawu, asanu pa kalakatulidwe. Ndakatulo zonse zifike pofika pa 31 Okutobala.

Tsiku lolakatula ndi kupereka mphoto lidzakhala m'sabata yachitatu ya Disembala, nyengo ya dziko lonse yodzala mitengo itatsegulidwa pa 15 Disembala. Apa tikupempha chokuzira mawu chokhala ndi batire lake, ufa, nyemba ndi mchere wa chakudya cha alendo ndi oweruza. Mphoto ndi zisanu ndi zinayi, zitatu pa gulu. Tasankha nyale zoyendera dzuwa, zikwama ndi makope m'malo mwa ndalama, popeza ndalama ya mwana imathera pa zosowa za pakhomo tsiku lomwelo.

Aliyense wopikisana adzalandiranso mbande imodzi, ndiye tikufuna machubu 300, makeni 2 othirira, ndi mbewu za mbawa ndi msuku. Njere za msuku zimafa msanga zikauma, zitsukeni ndi kuzibweretsa pasanathe sabata chidyereni chipatsocho. Misuku yofesedwa chaka chino idzakhala mu nazale mpaka dzinja la chaka cha mawa, kotero amene muli ndi mbande zokula kale za mbawa kapena nsangu mutigawireko zoti tidzapereke mu Disembala.

Thandizo lililonse lifike ku ofesi ya a hedi m'masiku a sukulu, pamaso pa membala mmodzi wa komiti, ndipo musachoke osalandira lisiti. Amene muli kutali tumizani kudzera mwa abale anu kuti adzapereke pamanja. Mndandanda wa zolandiridwa ndi momwe zagwirira ntchito udzamatidwa pa bolodi la sukulu ndi kuwerengedwa pa msonkhano wa makolo. Makope, zigubu, nsapato ndi maina a agogo odzipereka zifike pofika pa 15 Seputembala.

Ndife,
Komiti ya sukulu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi