Kwa mnzanga wakutali, za mafunso akukusowetsa mtendere aja

Aise,

Meseji yako ndinaiona kalekale koma ndimafuna ndikuyankhe nditakhala pansi, osati zolemba uku ndikuyenda. Ndasangalala kuti tchalitchi unachipeza kumeneko, olo ukuti Misa yake imatha usanatenthe n'komwe mpando kkkk. Koma yandikhudza ndi nkhani ya mnzako wokhala naye nyumba imodzi uja, amene ukuti amakupanikiza ndi mafunso a Chikatolika mpaka wasiya kutulutsa kolona iye akakhalapo. Ukuti ndikutumizire mavesi oti ukamutseke nawo pakamwa. Mavesi ndikupatsa, koma uyambe wamva zomwe ndinachita ine ndi mavesi omwewo.

Lachitatu la Phulusa chaka chatha ndinapita ku Misa yam'mawa kenako n'kulunjika kuntchito ndi phulusa langa pamphumi. Pa buleki mnzathu wina wa mpingo wina, munthu wabwinobwino amene timaseka naye tsiku ndi tsiku, anandiuza kuti achimwene pukutani kumaso mwada. Nditamufotokozera anangoti inu Akatolika ndi miyambo yanuyi, pajatu mumagwadiranso mafano, n'kutchula Eksodo 20:4 anthu onse akumva. Ndinapsa mtima aise. Ndinamufunsa kuti nanga Mulungu yemweyo pa Eksodo 25 bwanji anauza Mose kuti apange akerubi awiri agolide pamwamba pa bokosi la chipangano, nanga njoka yamkuwa ya pa Numeri 21 anailamula ndani, ndipo mfumu Hezekiya anadzaiphwanya njokayo pokhapokha anthu atayamba kuifukizira lubani, kusonyeza kuti tchimo lili pa kupembedza chinthucho osati kuchipanga. Sindinalekere pomwepo, ndinamuponyeranso za msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea wa mu 787 pomwe maepiskopi anagamula kuti ulemu womwe timapatsa chithunzi umapita kwa mwini chithunziyo, koma kupembedza n'kwa Mulungu yekha. Pomaliza ndinamufunsa ngati chithunzi cha mayi ake chomwe chili pafoni yake nachonso ndi fano. Anthu anafa nacho chiseko, iye anangoti zii, n'kudzuka kubwerera pa desiki yake.

Ndinapita kunyumba ndikudzimva ngati dolo. Koma munthu uja anatha milungu itatu akungondilankhula za ntchito basi, moni wake wongoti wawa, ndipo pambuyo pake ndinadzamva kuti nthawi imeneyo mayi akewo anali ali m'chipatala, ine osadziwa ndikuwatenga kuwasandutsa chitsanzo choseketsa anthu. Zonse ndinanena zinali zoona, palibe chomwe ndingabweze, koma palibe mmodzi mwa oseka aja amene anadzandifunsa kuti Misa imayamba nthawi yanji. Vesi ija timaikonda ya 1 Petro 3:15 yoti tikhale okonzeka kuyankha aliyense wofunsa za chiyembekezo chathu, ine ndinaloweza theka lokha, pomwe mawu otsatira pomwepo akuti tiyankhe mofatsa ndi mwaulemu. Ndinakapepesa. Zinandivuta kuposa kupita kolapa.

Ndiye iwe uyambe waona kuti mnzakoyo akufunsa kuti adziwe kapena akungofuna ndewu, poti anthu awiriwa sayankhidwa mofanana. Wofuna ndewu umamudziwa chifukwa usanamalize kuyankha za Maria walumphira kale ku purigatoriyo, usanapume wafika pa Papa. Ameneyo ndimangomuuza kuti sankhani funso limodzi tikhale nalo mpaka tilimalize, ambiri amathera pomwepo.

Za Amayi Maria sizivuta kwenikweni, muwerengere Luka 1:28 ndi 1:42 aone yekha kuti theka loyamba la Tikuoneni Maria ndi mawu a mngelo Gabriele ndi a Elizabeti, theka linalo tikungoti mutipempherere, ngati momwe iyeyo amapemphera abusa ake kuti amupempherere. Za mabuku 73 a m'Baibulo lathu pomwe iwo ali ndi 66, akati tinawonjezera umuuze kuti asanu ndi awiri enawo, monga Tobiti, Yuditi ndi awiri a Amakabeo, anali kale mu Baibulo lachigiriki lomwe akhristu oyamba ankawerenga, msonkhano wa ku Carthage mu 397 unawawerengera, wa ku Trent mu 1546 unangotsimikiza. Akakufunsa chomwe sukuchidziwa usapeke, ine ndinapekapo yankho kamodzi n'kugwidwa ndi mwana wa sekondale ali ndi foni m'manja, manyazi ake sindidzaiwala. Ungoti ndikafunse kaye, utsegule Katekisimu ija ya mu 1992 kapena ufunse bambo mfumu, ubwerenso ndi yankho mawa lake.

Pali funso limodzi lomwe sindilimbana nalo olo pang'ono, la ansembe omwe anachita nkhanza kwa ana ndi akuluakulu ena omwe anabisa. Kale ndinkathamangira kunena kuti m'mipingo inanso zimachitika, koma ukamadzimvera wekha ukulankhula choncho umachita nseru. Zinachitika, zinali zoipa, ndipo Papa Francis yemwe anaitanitsa atsogoleri a maepiskopi a dziko lonse lapansi ku Vatican mu February 2019 pa nkhani yomweyi. Ndimangovomera, ndipo akandifunsa kuti nanga ukukhaliranji mu mpingo wotero ndimati sindinabatizidwe m'dzina la wansembe.

Koma chomwe chinandivuta kuposa zonse chinabwera titagwirizananso ndi mnzanga wa kuofesi uja. Mnzathu wina amakwatitsa ukwati wake pa Misa, tonse tinapita, iye anakhala pambali panga, kuimba nawo bwinobwino mpaka kugwada nawo. Itafika nthawi yolandira Ukaristia (Mgonero) anthu ayamba kundanda, anandinong'oneza kuti nanenso ndipite eti? Aise mtima unagunda. Ndikamuuza kuti ayi ziwoneka ngati ndayambiranso zija, ndikangoti zii ndiye kuti ndamusiya akayankhe Amen pa chinthu chomwe sakhulupirira, poti wansembe akati Thupi la Khristu ife timatanthauza zenizeni, pomwe kwa iwo ndi chikumbutso chabe. Ndinangomugwira dzanja n'kumuuza kuti tikhale kaye ndikufotokozerani panja. Ndipo inenso sindinapite, osati kuti ndimunyengerere, koma zoona zake ndinali ndatha miyezi osalapa ndipo panali kanthu kena kamandiletsa. Titatuluka anandifunsa kuti kodi inunso eni ake mumatsala? Ndinati eya, si mphotho ya umembala, aliyense amayamba wadziyesa, Paulo ananena pa 1 Akorinto 11:28. Ndinamuuzanso kuti Mpingo sumuona ngati wachikunja, msonkhano wa Vatican II mu 1964 unanena poyera kuti obatizidwa a mipingo ina ndi abale athu mwa Ambuye, kungoti patebulo limenelo sitinafike pogwirizana. Anagwedeza mutu n'kuti sakugwirizana nazo koma wamva. Sanalowe Chikatolika ayi, ndipo kaya adzalowa kaya sadzalowa, koma mayi ake atamwalira ndine amene anandiimbira usiku kuti tipemphere limodzi pafoni, tinangonena Atate Athu basi.

Kolona ija itulutse aise, usamabise m'nyumba yomwe ukulipira nawo lendi, komanso usamachite kuinena mokweza dala kuti amve. Akadzayambanso umufunse kaye kuti iye anakulira mu mpingo wanji ndipo za Akatolika anazimva kwa ndani, umusiye alankhule mpaka atope, kenako undilembere zomwe wanena tione poyambira. Undiuzenso ngati wapeza wansembe woti uzilapa kwa iye m'chilankhulo chomwe ukumva bwino, poti ulendo watha unkadandaula zimenezo. Onse kuno akupereka moni.

Ndine mnzako uja wa masiku onse.