Lipoti la nthumwi: makodi a ukulele ochokera pa sikelo ya hirajoshi

A Wapampando ndi mamembala nonse, nazi zomwe tatenga ku maphunziro a ukulele omwe munatituma.

Nthawi yambiri inathera pa hirajoshi, kachunidwe ka koto, choimbira cha ku Japan cha nsambo 13. Kachunidweka amakalumikiza ndi Yatsuhashi Kengyo, woimba yemwe anamwalira mu 1685. Tikayambira pa A, manotsi ake ndi asanu: A, B, C, E, F. Manotsi omwewa tikayambira pa E timapeza sikelo ya miyako-bushi, yomwe imamveka mu nyimbo yakale ija ya Sakura Sakura. Mulibe D, mulibenso G.

Apa ndi pomwe pagona vuto. Ukulele timaichuna G, C, E, A. Nsambo zitatu zili kale m'sikeloyi, koma ya G ili kunja, choncho siyenera kulira yosadinda. Idindeni pa freti 2 (mafreti ndi tizitsulo topingasa pa khosi la ukulele) kuti ikhale A, pa 4 kuti ikhale B, kapena pa 5 kuti ikhale C. Manambala anayi a kodi iliyonse m'munsimu akuonetsa freti yodinda pa nsambo iliyonse; werengani kuyambira nsambo ya G mpaka ya A, ndipo 0 ndi nsambo yosadinda.

Makodi athunthu alipo awiri okha, Am pa 2000 ndi F pa 2010. C yathu ya masiku onse, 0003, yatuluka chifukwa ili ndi G. E7 ya 1202 ndiye yoipitsitsa: imabweretsa G# ndi D, ndipo nyimbo imabwerera ku Ulaya pomwepo. Dzanja lozolowera limathamangira ku E7 likangochoka pa Am, ndiye muzilichenjerera.

Koma pongosinthanitsa Am ndi F simumva za ku Japan ayi. Kukoma kwa sikeloyi kuli pa manotsi oyandikana ndi freti imodzi, F kutsikira pa E, ndi C kutsikira pa B. Dindani 5500, yomwe ndi Fmaj7, ndi zala ziwiri. Musazichotse, ingozitsetsereni pamodzi kufika pa 4400, yomwe ndi Esus4. C yatsikira pa B, F yatsikira pa E, pomwe nsambo ziwiri zosadinda zikupitiriza kulira. Ife tikuona kuti kusuntha kumeneku n'kofunika kuposa makodi ena onse omwe tinaonetsedwa, ndipo membala aliyense ayambire pamenepa. Mukafuna kuwonjezera, 2002 imapereka A, C, E, B, ndipo 4402 ndi E ndi B basi. Pomaliza nyimbo imani pa 4402 kapena 4400. Kuima pa Am kumabweza khutu ku nyimbo za sikelo ya minor zomwe tinazolowera.

Dzanja lamanja nalo lisinthe. Nyimbo zakale za koto sizinamangidwe pa makodi monga momwe timachitira pa gitala, zimayenda notsi ndi notsi, ndipo woimba amavala zikhadabo zokodolera pa zala zitatu. Kukwapula nsambo zonse zinayi mwamphamvu pa 5500 kumapangitsa E ndi F kugundana ngati mwalakwitsa. Kodolani imodziimodzi: chala chachikulu pa G ndi C, chamkombaphala pa E, chapakati pa A, pang'onopang'ono, notsi iliyonse izilala yokha. Pa koto amakweza notsi podinikiza nsambo kuseri kwa mlatho wake. Nsambo zathu za nayiloni zimavuta kukoka chammbali mpaka kufika freti yathunthu, bola kutsetsereka.

Cholakwika china chili ku dzanja lamanzere. Mukafinya kwambiri pa freti 4 kapena 5, notsi imakwera pang'ono, ndipo poti pambali pake pali E yosadinda, zimamveka msanga. Dindani mopepuka, kuseri kwenikweni kwa kachitsulo ka freti.

Panali maganizo awiri pa zosintha kachunidwe. Kukhwefula G kufika pa F kumapereka Fmaj7 popanda kudinda kalikonse, koma nsamboyo imalobodoka ndipo pa maukulele ena imagunda mafreti. Kuikunga kufika pa A kumapereka Am, koma kukoka kwake kumakwera ndi pafupifupi 26 peresenti, ndiye nsambo yakale ikhoza kuduka. Malangizo athu ndi oti oyamba kumene asiye kachunidwe momwe kalili, aphunzire kusamala G.

Sikelo ya ku Okinawa, ya C, E, F, G, B, tinangoikhudza. Kumeneko nsambo yoletsedwa ndi ya A, ndipo 0003, 0002 ndi 0432 zimagwira ntchito.

Tikupempha komiti kuti pa kukumana kotsatira itipatse mphindi 20 tionetse 5500 ndi 4400, ndipo aliyense abwere ndi ukulele yochuna kale. Amene mumagwiritsa ntchito G yotsika, nsambo ya G ya mawu apansi kuposa zinzake zonse, mukhale mbali imodzi, chifukwa kwa inu B ya 4400 imamveka pansi pa manotsi onse ndipo muyenera kuikodola mofewa.