Kabotolo kobwera papositi kaja musakataye

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi Amalawi anzanga okhala kuno ku Britain, makamaka ife amene tinadutsa zaka 50. Mwezi watha ndinakacheza kwa amayi ena a kutchalitchi kwathu, ndipo ndinaona kabokosi ka NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, kali pamwamba pa firiji, kosatsegula, katachita fumbi. Nditafunsa anangogwedeza mutu: "Za chimbudzi zija? Ine ayi, mayi, n'zamanyazi."

Kabokosi kameneka ndi koyezera khansa ya m'matumbo. Ku England ndi ku Scotland amatumiza kwa aliyense wa zaka 50 mpaka 74, kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Mkati muli kabotolo ndi kamtengo. Umangokhudzitsa kamtengoko pa chimbudzi chimene wachita, kubwezera m'botolo, kutseka, n'kuponya papositi osalipira. A zaumoyo amafufuza magazi obisika omwe maso sangaone, ndipo yankho limabwera pakatha masabata awiri kapena kuchepera. Njira imeneyi amaitcha FIT, ndipo ku England inayamba mu 2019. Bambo akunyumba anayamba kale kuyezedwa, nthawi ya kakhadi kopakapo chimbudzi maulendo atatu osiyana, kakhadiko kakusungidwa m'bafa masiku onsewo. Iwo amati ife a masiku ano tikulira ndi nsima m'manja.

Ndiye ngati vuto ndi manyazi, ndi manyazi a mphindi ziwiri, uli wekha, chitseko chili chotseka.

Chimene chimalemera ndi chotsatira, ndipo sindikufuna kunamiza munthu. Mwa anthu 100 oyezedwa, pafupifupi awiri amaitanidwa kuti akaunikidwe m'matumbo ndi kapaipi kokhala ndi kamera, zomwe amati colonoscopy. Ine ndinali mmodzi wa awiriwo. Kuunikako sikunafike ola limodzi. Chondizunza chinali kukonzekera. Masiku angapo usanapite amakuletsa nyemba, masamba ndi buledi wabulauni. Mgaiwa ndiye iwalani. Dzulo lake umamwa mankhwala otsuka m'mimba, ine anandipatsa malita awiri, okoma ngati madzi amchere omwe wina wathiramo shuga mwangozi. Kuyambira pamenepo chimbudzi chimasanduka chipinda chako chogona. Ine ndinali ndi mwayi, tili awiri okha m'nyumba. Koma ndinaganiza za achemwali athu ogwira ntchito yosamalira okalamba, omwe amakhala asanu nyumba imodzi, chimbudzi chimodzi, aliyense akuthamangira shifiti ya m'mawa. Usiku umenewo angaupirire bwanji?

Palinso nkhani ya ndalama, yomwe timapepala ta kuchipatala sititchula. Chithandizo n'chaulere, inde, koma masiku awiri a ntchito amapita, ndipo waganyu wolipidwa pa ola akapanda kupita salandira kanthu. Ukasankha jakisoni wokuziziritsa thupi, suloledwa kuyendetsa galimoto kwa maola 24, ndipo pamafunika munthu wamkulu wodzakutenga. Kumudzi ameneyo sasowa; azakhali amafika okha ndi phala m'fulasiki. Kuno aliyense ali pantchito. Ena amasankha mpweya wopumira wochepetsa ululu m'malo mwa jakisoni chifukwa chongosowa wowaperekeza. Kwa amene thupi lawo silingapirire kapaipi kaja, pali kujambula kwa makina a CT, koma nakonso amayamba akukonzetsa m'mimba, amakupopera mpweya m'matumbo, ndipo akaonapo kanthu kamera ija imakudikirirabe.

Ine anandipeza ndi kanyama kakang'ono komera m'matumbo, komwe madokotala amati polyp, ndipo anakadula nthawi yomweyo ine osamva kanthu. Tambiri mwa tinyama timeneti sitikhala khansa, koma tina tikasiyidwa zaka zambiri timasanduka. Kanga sikanandipwetekepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo magazi sindinawaonepo.

Pempho langa likupita kwa atsogoleri a magulu athu, a mipingo ndi a pa WhatsApp. Maliro akagwa timasonkha msanga ndalama zotumizira thupi kumudzi, ndipo timachita bwino. Nanga bwanji osakhalanso ndi mndandanda wa anthu oti akhoza kuperekeza mnzawo kuchipatala tsiku limodzi, kapena kumupatsa chipinda choyandikana ndi chimbudzi usiku umodzi, popanda kumufunsa mafunso ambiri kapena kukaifalitsa nkhaniyo? Ambiri amene amazemba sakuopa kamera yokha; akuopa kupempha.

Komanso ife timasamukasamuka, pomwe kabokosi kamapita ku adiresi imene inalembedwa kwa GP, dokotala wa m'dera amene munalembetsako. Amene munasamuka osawauza, kanu kakugwera pakhomo la eni. Ndipo kuyeza kwa papositiku ndi kwa anthu omwe sakumva chilichonse. Amene mukuona magazi m'chimbudzi, kapena m'mimba mwasintha kwa masabata atatu, kapena mukuonda osadziwa chifukwa, musadikire positi ndipo musadziuze nokha kuti ndi mudzi kapena kamwazi. Izi zikukhudzanso abale athu ali kumudzi: apite kuchipatala akaonedwe.

Amayi a pafiriji aja ndawauza kuti Lamlungu likubwerali ndidzawafunsa ngati atumiza, ndipo akadzaitanidwa wodzawatenga ndi ine.

Wowerenga wanu,
Mayi wa ku Leeds