Chenjerani ndi madobadoba a pa intaneti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjeze abale athu okhala ku Britain, makamaka ongofika kumene, za masamba a pa intaneti amene amadzionetsa ngati a boma. Mukafufuza pa Google za laisensi yoyendetsera galimoto, nthawi zina pamwamba penipeni pamabwera otsatsa malonda ofanana ndi DVLA (nthambi ya boma yopereka malaisensiwa), maonekedwe ndi kalembedwe komwe. Amakulipiritsani ndalama yoonjezera, chonsecho ntchito yawo n'kungopititsa fomu yanu ku DVLA komweko.

Pa GOV.UK, tsamba lenileni la boma, laisensi ya wophunzira ndi £34, kukonzetsa yomwe yatha zaka 10 ndi £14, pomwe kusintha adiresi kapena kukonzetsa mukakwanitsa zaka 70 n'kwaulere. Inde, pali anthu amene amalipitsa nkhalamba pa chinthu chaulere!

Chondidetsa nkhawa kwambiri si ndalamazo ayi. Mumawapatsa nambala ya pasipoti, adiresi yanu ndi khadi la kubanki. Ambiri amalemba timawu ting'onoting'ono pansi toti iwo si aboma, ndiye kuti akubwezereni ndalama pamakhala ntchito.

Musanalembe chilichonse, onetsetsani kuti dzina la tsambalo likuthera pa gov.uk.

Wowerenga wanu,
Leeds